A Dumingu Sanathawe Sayirini

Chaka chatha nthawi ngati ino, manachesi atangoyamba kupsa, tinaika m'manda bambo aakulu, a Dumingu. Sabata yatha tinapita kukalambula kumanda, ndipo pobwerera amayi ena ankakamba za iwo ngati munthu waphokoso chabe, wokonda kukalipira galimoto. Ine pagulu pakamwa panga pamalemera. Koma zinandiwawa. Ndiye ndati ndilembe zimene ndinaona ndi maso angawa.

A Dumingu anali amuna awo a mayi aakulu, a Nachisale, akulu awo a mayi anga. Pamudzi pathu anali mkamwini. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe. Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anatsala. Anali atakwatira kale, ndipo ankati kumene anachokerako kunangotsala zitsa za nyumba.

Mudzi wathu uli m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera paboma pa Mwanza kupita kumalire. Nyumba zili mbali ino, manda ali tsidya. Choncho aliyense wa kwathu akamwalira, ulendo wake womaliza ndi wodutsa paphula. Pakagwa zovuta timayala nthambi zaziwisi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi, kuti oyendetsa galimoto adziwe. Galimoto zimachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, abambo amavula zipewa. Ntchito yoyala nthambiyo inali ya a Dumingu, chifukwa anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula bokosi.

Ntchitoyi sankaichita mwachibwana. Nthambi youma sankaifuna, ankati dalaivala aziyesa zinyalala. Ndipo maliro akangotha, anzawo akuthamangira kukasamba m'manja kuti adye, iwo ankayamba apita kumsewu kukachotsa nthambi zonse. Sankalola kuti ngakhale imodzi igone paphula.

Chaka china malonda a manachesi anavuta. Galimoto zinkangodutsa osaima. Amayi ogulitsa pamsewu anapangana nzeru, anathyola nthambi n'kuyala paphula kuti galimoto zizichedwa, apaulendo aone madengu. Mayi aakulu analinso momwemo. A Dumingu pochokera kudimba anaona nthambizo ali patali, anavula chipewa n'kubwera chothamanga.

"Watisiya ndani?" anafunsa, akupuma wefuwefu.

Amayi aja anayang'anana.

"Atisiya ndi malonda," anayankha mayi aakulu, ndipo onse anafa nacho chiseko.

"Nachisale, mwaika maliro abodza pamsewu?"

"Nanga madzulo ano mudya chiyani, inu abwana a msewu? Phula?"

"Ndidya phulalo."

Anatola nthambi zonse n'kuponya m'ngalande, amayi akuwakuwiza. Kenaka anawauza kuti dalaivala amene waima pachabe lero, mawa sadzaimanso, ndipo tsiku limenelo pamsewu padzakhala bokosi la mmodzi wa iwo omwewo. Mayi aakulu sanawalankhule mpaka Lamulungu. Ndiwo ankangowakankhira ndi phazi.

Iwo eni malamulo a pamsewu ankawasunga ngati a m'tchalitchi. Ankayenda mbali yoyang'anizana ndi galimoto zobwera, ndipo ife tili ana akatipeza mbali inayo, khutu linkapsa. Panjinga pawo sankakweza anthu awiri. Anyamata a kabaza ankawaseka akamadutsa ndi njinga zamoto. "Bwana tirafiki, yunifomu munachapa?" Iwo ankaloza imvi zawo n'kunena kuti yunifomu ndi imeneyi, ndipo siichapika.

Akamva sayirini ya ambulansi ikadali kuseri kwa phiri, ankasiya chilichonse. Ankathamangitsa mbuzi pamsewu, kukokera ana pambali, kuimitsa a njinga. Akatero ankaima chipewa chili pachifuwa mpaka kulira kwake kutazilala. Ankati mmenemo muli mwana wa munthu amene akulimbana ndi mpweya.

Chimene chinkawadwalitsa mutu ndi galimoto ina ya apolisi. Kumene inkachokera sindinena. Apolisi ambiri ankadutsa bwinobwino ngati anthu ena onse, koma imeneyo magetsi ake abuluu sankazima. M'mawa ikupita kumalire, sayirini. Masana ikubwerera, sayirini. Minibasi zinkathawira m'tchire, amayi ankagwetsa madengu, ndipo inkapitirira anzake ngakhale pachitunda pamene sungaone chobwera kutsogolo. Ikadutsa ukayang'ana kumbuyo kwake, umapeza matumba a makala, kapena mbuzi yomangidwa miyendo, tsiku lina atsikana akuseka.

A Dumingu ankati magetsi amenewo ali ngati mkuwo wa m'mudzi. Munthu akakuwa, aliyense amatuluka ndi chibonga osafunsa, chifukwa amakhulupirira kuti kwagwa zoopsa. Wokuwa pachabe amakhala ndi mlandu. Nanga awa amene amakuwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha makala, mlandu wawo amazenga ndani? Ankatinso amene amagwira anzake pamsewu ndiye ayenera kuyamba kusunga lamulolo.

Sikuti nthawi zonse ankalondola. Zaka zakumapeto, mantha atawathera, anakalipira galimoto ina ya apolisi imene inadutsa ndi magetsi, mpaka anaiponyera chitsononkho cha chimanga. Madzulo ake tinamva kuti inanyamula anthu ovulala pangozi ya minibasi, ikuthamangira nawo kuchipatala. Tsiku limenelo sanadye.

"Mwaonatu," anatero mayi aakulu. "Pakamwa panupo."

"Ndaona," anayankha atazolika. Kenaka anadzutsa mutu. "Koma Nachisale, tidziwa bwanji? Oona ndi abodza akuwala chimodzimodzi. Anatiphunzitsa kukayika ndi ndani?"

Ndati mantha atawathera chifukwa kale anali nawo, ndipo anali aakulu. Zonse zimene ankanena za galimoto ija ankanena itadutsa kale. Wapolisi akabwera wapansi m'mudzi, ngakhale kudzangogula nkhuku, a Dumingu ankatenga khasu n'kulowera kudimba. Analibe chitupa chilichonse. Nthawi imene anthu ankalembetsa zitupa za unzika, iwo anati mutu ukuwawa, ndipo unawawa mpaka olembawo atapita. Ankaopa chinthu chimodzi, kuti tsiku lina wina adzawafunsa kwawo n'kuwakweza galimoto kukawasiya ku Zobue, tsidya la malire, atasiya mkazi, ana ndi dimba lawo.

Chichewa ankalankhula bwino kuposa ena obadwira konkuno. Koma akakwiya lilime linkabwerera kwawo. M'malo monena kuti zinthu ankati bzinthu, monga amalankhulira anthu a ku Tete. Ana tinkawayeserera kuseri kwa nyumba. Mayi aakulu ankawachenjeza kawirikawiri.

"Bzinthu bzanubzo muzilankhula m'nyumba muno. Tsiku lina zidzakuperekani."

Tsikulo linafika pamaliro a mayi anga.

Kunali dzuwa la mwezi wa Okutobala, lija limafewetsa phula. Mwana wanga Tadala anali wakhanda, ali kumbuyo. Mwambo wa pasiwa utatha tinanyamuka kupita kumanda. Patsogolo panali adzukulu ndi bokosi, kenaka amayi a kwaya, kenaka ife anamfedwa. Ine anandigwira amayi awiri m'mikono, mayi aakulu nawonso anawagwira ena. A Dumingu anali atayala nthambi kale, ndipo anaima pambali ndi nthambi imodzi m'manja, akukweza dzanja kwa madalaivala. Mathiraki anaima mbali zonse ziwiri. Minibasi ina inazimitsa wailesi.

Bokosi litafika pakati pa msewu tinamva sayirini kuchokera mbali ya kuboma.

Galimoto ija sinachepetse liwiro. Inapitirira mzere wonse wa mathiraki, inaponda nthambi n'kulunjika pa ife, magetsi ali phethiphethi. Nyimbo inadukira pakamwa. Amayi anabalalika, ena anagwera m'ngalande, nsapato zinatsala paphula. Mmodzi mwa onyamula bokosi analumpha, bokosi linapendekeka, ngodya yake inagunda pansi. Kugunda kumeneko ndimakumvabe. Mmenemo munali mayi anga.

Amayi aja ankandikokera kumbuyo, koma ndinaona zonse. A Dumingu sanathamange. Anayenda ngati akupita kudimba, n'kukaima pakati pa galimoto ndi bokosi. Mabuleki analira, matayala ananunkha. Galimoto inaima chitsulo chake chakutsogolo chitakhudza buluku lawo.

Dalaivala, wapolisi wachinyamata, anatulutsa mutu. "Mdala iwe, wapenga? Choka!"

"Mwanyamula wodwala, bwana?" anafunsa a Dumingu.

"Ndati choka!"

"Ngati mwanyamula wodwala nenani, tikupatsani njira pompano. Kapena mukuthamangitsa wakuba? Anyamatawa ali ndi miyendo, akuthandizani."

Mdzukulu wina wamtali anazungulira n'kusuzumira kumbuyo kwa galimoto. Adzukulu paja alibe manyazi pamaliro. "Akuluakulu, wodwala alimo!" anakuwa. "Ndi nkhuku! Zagona pamakala, zikubuula!"

Anthu ena anaseka misozi ili m'maso. Pamenepo chitseko cha mbali inayo chinatseguka, ndipo anatsika wapolisi wamkulu, wathupi, ndodo ili kukhwapa. Sayirini inali ikulirabe. Tadala ankalira mpaka kubanika. A Dumingu anayang'ana bokosi limene adzukulu ankalidzutsa, anayang'ana magetsi aja, ndipo mkwiyo unawagwira.

"Zimitsani bzinthu bzanubzi! Pano pali maliro!"

Wapolisi wamkulu uja anaima. Kenaka anamwetulira pang'onopang'ono.

"Bzinthu? Wati bzinthu?" Anayandikira. "Kwanu n'kuti, mdala?"

Aliyense wa m'mudzi mwathu anadziwa chimene chachitika. Ndinamva mayi aakulu akuti, "Mayo ine."

"Ndikufunsa. Chitupa chako chili kuti? Ukutseka msewu wa boma m'dziko la eni? Lero lomwe ndikakutaya ku Zobue, ukakalipire galimoto za kwanu."

Nthambi ija inali ikadali m'dzanja la a Dumingu. Ndinkayesa apepesa, chifukwa njira inali yomweyo. Akanangoti pepani bwana n'kupatuka, galimoto ikanadutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anawerama, anaika nthambiyo pansi patsogolo pa tayala, n'kutambasula manja onse awiri.

"Mangani," anatero. "Koma alamu angawa adutse kaye, ndikawakwirire. Mwafunsa kwathu? Anthu amene ndawakwirira ndi manja awa ali uko, pansi pa mitengo iyo. Kwathu ndi komweko. Kuthawa ndinathawa kale, bwana, mfuti zikulira kumbuyo. Sindingathawenso makala."

"Ukundiyankha?"

Wapolisiyo anatulutsa unyolo. Pamenepo mayi aakulu anadzipulumutsa m'manja mwa amayi amene anawagwira. Anayenda opanda nsapato paphula lotentha lija, anafika pamapazi pa amuna awo n'kukhala pansi, miyendo atatambasula monga timakhalira pasiwa.

"Bwana," anatero, mawu atasasa ndi kulira, "m'bokosimo muli mng'ono wanga. Awa ndi amuna anga, ovuta ngati chifuwa, koma ndi anga. Ngati mwachedwa, tidutseni pamwamba."

Mayi wina wa kwaya anatuluka m'ngalande n'kukhala pambali pawo. Kenaka wina, kenaka wina. Amayi ondigwira aja anakhala, inenso ndinakhala. Phula linkawotcha kupyola chitenje, koma palibe anasuntha. Wotsogolera kwaya anayambanso nyimbo pamene inadukira. Madalaivala a mathiraki anatsika m'modzim'modzi, zipewa zili m'manja, n'kuima m'mbali. Apaulendo a m'minibasi ena anakweza mafoni.

Wapolisi wamkulu anayang'ana uku ndi uku. Anayang'ana unyolo m'manja mwake ngati sakudziwa kuti wafika bwanji mmenemo. Kenaka anagwedezera mutu dalaivala. Sayirini inaleka. Magetsi anazima. Nkhuku zija zinayamba kumveka kumbuyo.

"Nthambi zili kumbuyo kwanu, bwana," anatero a Dumingu.

Ndinaganiza kuti tsopano awamenya. Koma galimoto inabwerera chambuyo, pang'onopang'ono, mpaka kuseri kwa nthambi zimene inaponda zija. Inadikira pamenepo pamodzi ndi mathiraki. Adzukulu ananyamula bokosi, tinadzuka, tinawoloka tonse mpaka agogo omaliza a ndodo. Podutsa ndinaona dalaivala wachinyamata uja atavula chipewa chake n'kuchiika pamwendo. Wamkuluyo sanavule.

Apolisi aja anabweranso titangomaliza kukwirira, adzukulu akutsuka makasu. Ulendo uno anabwera mwakachetechete, opanda magetsi. A Dumingu sanadikire kuitanidwa. Anapita okha, dothi lofiira la kumanda lili m'miyendo. Asanakwere anatembenuka n'kuuza mdzukulu wamtali uja kuti akachotse nthambi pamsewu, maliro atha.

Anagona m'chitokosi masiku angapo. Ife tinali pasiwa, koma mitima inali kumalire. Galimoto iliyonse yolowera ku Zobue tinkaisuzumira. Mayi aakulu, chisoni cha mng'ono wawo chili pamutu, ankawanyamulira chakudya kupita nacho kuboma m'mawa uliwonse, ndipo amene anawaperekeza amati ankafika akutukwana.

"Idyani, a bzinthu inu. Ndinkanena ine."

Amfumu ndi akulu a mpingo anapita kukachitira umboni kuti munthuyu wakhala nafe kuyambira kalekale, ana ake ndi zidzukulu zake ndi za konkuno. Kaya ndi umboniwo, kaya ndi mafoni aja, sindidziwa. Anawatulutsa. Anabwera wapansi kuchokera kuboma, ataonda, akutsokomola. Za mkatimo sanafotokozepo, ngakhale kwa akazi awo. Anangonena chenjezo limene anapatsidwa, kuti akadzapezekanso ataima pamsewu, ulendo wa ku Zobue udzakhala wosabwerera.

Akuluakulu a m'mudzi anakhala pansi n'kugwirizana kuti ntchito ya nthambi aisiyire achinyamata. Tonse tinkayembekezera mkangano, koma iwo anangovomera. Mayi aakulu anati Mulungu wamva pemphero lawo.

M'mawa mwake anawapeza atakhala pakalavati, pakhoma lasimenti la ngalande yodutsa pansi pa msewu, mapazi ali pafupi ndi phula kotero kuti mphepo ya mathiraki inkawakupiza buluku.

"Inu! Simunamve zimene anakuuzani?" anakalipa mayi aakulu.

"Anandiletsa pamsewu. Pano ndi pambali."

"Mudzafera pomwepo."

"Ndiye manda ayandikira, adzukulu sadzatopa."

Kuyambira tsiku limenelo pakalavati panakhala pawo. Kudimba ankapita m'mamawa, dzuwa likakwera n'kubwera kudzakhala. Pakagwa maliro ankaloza ndi ndodo pamene achinyamata ayale nthambi, phazi lawo osaponda phula. Galimoto ija ikamabwera ndi magetsi sankabisalanso. Ankaimirira, kuiyang'ana m'maso mpaka idutse. Masiku ena inkazimitsa sayirini ikafika pamudzi pathu n'kukayatsanso kutsogolo. Masiku ena inkachita dala kuliza kwambiri. Sindinganame kuti anaisintha. Koma wapolisi akabwera wapansi kudzagula nkhuku, a Dumingu sankatenganso khasu. Ankamupatsa moni, ndipo bzinthu ankazitchula mokweza.

Chifuwa chija sichinawasiye, ndipo ndi chomwe chinawatenga. Atamwalira kunabwera mwana wa mlongo wawo kuchokera ku Tete, amene ambiri sitinkamudziwa. Anapempha mwaulemu kuti atenge maliro, popeza mwambo wake mkamwini amakagona kwawo. Akuluakulu ena anayamba kugwedeza mitu movomera. Mayi aakulu anadzuka pamphasa.

"Mwanawe, wayenda ulendo wautali, tathokoza. Koma amalume ako ananena okha kwawo, pamaso pa apolisi ndi mudzi wonse, manja ali chotambasula. Wa unyolo analephera kuwawolotsa malire. Iwe wabwera ndi chiyani?"

Mlendoyo anakhala nafe mpaka tinaika, ndipo anathira nawo dothi.

Kalavati ija ilipobe. Simenti yake inasalala mbali imodzi, pamene ankakhalapo, ndipo pansi pake pali kadzenje kamene ndodo yawo inakumba. Mvula ya chaka chino yameretsa chisoso kuzungulira ponsepo. Amayi a manachesi amayala madengu awo uku ndi uku, ena amakhala pansi pafumbi, koma pamenepo palibe amaikapo dengu kapena kukhalapo, ngakhale palibe anawaletsa. Magetsi abuluu amadutsabe, oona ndi abodza, ndipo pakalavati sipaimirira munthu. Ukakhala chapafupi n'kuyang'ana tsidya la msewu, umaona mitengo ya kumanda, ndi mulu wa dothi lofiira kumapeto kwa mzere, pafupi ndi wa mayi anga. Wapolisi uja anati akawataya ku Zobue. Ali pomwepo, ndipo palibenso amene angawafunse chitupa.